Loko wa aFyuzi

Kukampani yochapa zovala kumene aSimbi ankagwira ntchito kunali malamulo ambirimbiri, koma limene aliyense ankalidziwa, ngakhale wolembedwa dzulo, linali la loko. Munthu akafuna kulowa kuseri kwa makina ankayamba wazimitsa swichi, n'kukolekapo loko wake, kiyi n'kuponya m'thumba mwake. Loko ameneyo sachotsa wina. Kaya ndi akapitawo, kaya ndi eni kampani, onse amadikira mwini kiyi.

Lamuloli silinachite kugwa kumwamba ayi. Ati kalekale, aSimbi asanabwere, mayi wina analowa m'chipinda cha kumbuyo kukasesa fumbi la thonje kuseri kwa chowumitsira chachikulu, wina osadziwa n'kuyatsa. Ena amati anamupeza atagwira waya, ena amati anangokhala pansi ngati akupuma, epuloni ili chinyowere. Zimatengera amene akukuuzani. Koma onse amagwirizana chimodzi, kuti kuyambira pamenepo mapaipi a m'chipindamo amagogoda okha. Akagogoda, azimayi ochapa sankadzidzimuka n'komwe. Ankangoti, "Tamva, mayi," n'kukweza wailesi.

Tsono aSimbiwa, dzina lawo lenileni palibe ankalitchula. Ankasita malaya a ophika a kumahotela mpaka kolala n'kuima yokha. Anali mayi wosaseka pachabe, wa ana awiri, koma mtolo wawo waukulu sanali anawo. Anali achimwene awo. Achimwenewo anali amagetsi, manja awo odziwa ntchito zedi, kungoti pakampani ankawatchula aFyuzi chifukwa sankachedwa kupsa. Ntchitoyo anawapezera ndi aSimbi omwewo, atachita kugwada mu ofesi. Ndiye aFyuzi akalakwa, maso onse ankatembenukira kwa mlongo wawo.

Ndipo kulakwa ankalakwadi. Anapitapo kumowa ndi kiyi m'thumba, loko atamusiya pa swichi, ntchito n'kuima mpaka masana. Atabwereza, anachita kukawatenga panjinga, akuimba nyimbo yamaliro mokweza, atakumbatira wopalasa. Tsiku limenelo akapitawo ananena pamaso pa anthu kuti kachitatu kulibe.

Lolemba lina m'mawa aSimbi atangolowa pageti anaona kuti zinthu sizili bwino. Galimoto ya kuhotela inali itaima kale pabwalo, dalaivala akuyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira. M'kati makina ochapa anali kulira monga mwa masiku onse, koma matawulo onyowa anali ataunjikana m'mangolo, akudontha, opanda kowaumitsira. Anthu anali atasonkhana m'kakhonde ka m'kati, pamene panali mabokosi a magetsi.

AMtolankhani, mayi wopinda nsalu amene ankadziwa za mimba ya munthu mwini wake asanadziwe, anawachingamira.

"Mwafika bwino, asisi. Bwerani muone mphatso imene akusiyirani achimwene anu."

Pa swichi ya chipinda cha kumbuyo panali loko wofiira. Chogwirira chinali pansi, loko atadutsa pabowo la chogwiriracho ndi pabowo la chitsulo cha m'mbali, monga mwa lamulo. Pamimba pa lokoyo panali chizindikiro chimene aFyuzi anakanda ndi msomali, kamphezi kokhota.

Akapitawo anali ataima pomwepo, foni m'manja, thukuta pamphuno.

"ASimbi, achimwene anu ali kuti?"

"Sindinagone nawo nyumba imodzi, bambo."

"Ndinawatuma dzulo kuti adzakonze chowumitsira, poti Lamulungu kulibe anthu. Mlonda wa dzulo wapita kwawo, foni yake siikugwira. Ya achimwene anu ndi yothima. Mundiuze, ndiumitse ndi mpweya wa m'kamwa?"

Wina anaseka, n'kusandutsa chifuwa.

ASimbi anapita pakona n'kuimbira alamu awo. Foni inalira nthawi yaitali, kenako kunamveka madzi akuthiridwa m'beseni.

"Alamu, achimwene ali pakhomo?"

"Pakhomo pati? Anachoka dzulo m'mawa, ati kuntchito. Ntchito yakeyo timaidziwa, ili ndi thovu pamwamba."

"Sanagone?"

"Akagona kuno ndidzakuimbirani, alamu, tidzachite phwando."

ASimbi anabwerera nkhope ikutentha. Sanachite kunena, anthu anawerenga okha. AMtolankhani anali atayamba kale kufotokozera woyandikana naye za bala ina ya kuseri kwa msika, kumene ati kuli mtsikana wa mano oyera amene amawatchula aFyuzi kuti injiniya.

"M'chipindamo mwayang'anamo?" anafunsa mayi wina wachikulire.

Akapitawo anapita, anthu akuwaonera. Anakankha chitseko cholemera chija, n'kuima pakhomo, phazi limodzi kunja. Nyale za m'menemo zinali pa swichi yomweyo, ndiye munali bii. Anawalitsa kafoni kawo uku ndi uku.

"Muli munthu muno?"

Mawuwo asanathe n'komwe, chitseko chinali chitatsekedwa.

"Mulibe," anatero.

"Ngakhale mphemvu sikanapeza mpata woyankha," ananong'ona aMtolankhani.

Nthawi yomweyo mapaipi anagogoda. Go. Go. Kenako kaphokoso kokwekwereza, ngati munthu akukoka mpando pang'onopang'ono. Go.

"Tamva, mayi," anatero azimayi angapo pamodzi, osatembenuka. Wina anapita kukakweza wailesi.

Foni ya akapitawo inalira. Anali eni kampani. Mawu awo ankamveka mpaka kwa anthu oima patali, ngati mavu atsekeredwa m'botolo. Akapitawo ankangoti inde bwana, inde bwana. Atadula, anayang'ana loko, anayang'ana aSimbi.

"Lamulo mukulidziwa. Ine sindingadule loko wa munthu. Koma m'bale wake ali pano. Mukuti bwanji?"

Kungoti akapitawo anali ochenjera, inu. Ankafuna mawuwo atuluke m'kamwa mwa wina. Ndipo aSimbi anali atatopa. Anakumbukira kugwada kuja mu ofesi, anakumbukira nyimbo yamaliro ija panjinga, anaona maso a azimayi onse ali pa iwo ngati ndiwo anamwa mowawo.

"Dulani," anatero. "Ali kumowa. Ndimawadziwa ine, tinayamwa bere limodzi."

Akapitawo anapita kukafuna sowo yodulira zitsulo. Anthu anabalalika, aliyense ku ntchito yake. ASimbi analowa m'kachipinda kosinthira zovala kuti avale jombo ndi epuloni. Anakhala pabenchi, n'kuwerama kuti amasule zingwe za nsapato zawo, ndipo m'pamene anaziona.

Pansi pa benchi, kukona, panali nsapato za achimwene awo. Zakuda, zosongoka, zopukutidwa mpaka kuoneka nkhope. Masokosi anali atapindidwa bwinobwino, imodzi m'nsapato iyi, ina m'nsapato iyo.

ASimbi anangokhala chiweramire. AFyuzi akanatha kuiwala kiyi, akanatha kuiwala mkazi ndi ana, koma sakanapita kumowa atavala majombo a kuntchito. Munthu ameneyu ankati mwamuna amayambira kumapazi. Tsiku la maliro a mayi awo anachedwa kumanda chifukwa chopukuta nsapato zomwezi.

Anavala jombo msangamsanga n'kutuluka epuloni ili m'manja. Akapitawo anali atayamba kale kucheka, lilime lili pakona pa mlomo. Sowoyo inali yobuntha, ikuterereka pa chitsulo.

"Bambo, taimani kaye. Nsapato zawo zili m'kachipindamu."

"Nsapato si munthu, mayi."

"Sangachoke osavala."

"Munthu woledzera amachoka ngakhale osavala buluku. Si inu nomwe mwati tidule?"

"Ndinatero. Koma ndiloleni ndikayang'ane."

"Ine ndayang'anamo kale, anthu aona." Anapukuta thukuta ndi mkono. "Pitani ngati mukufuna. Ine ndikungodula, kuyatsa ndikudikirani. Koma musakhalitse."

ASimbi anapempha aMtolankhani kuti awaperekeze. AMtolankhani, amene sankaphonya chilichonse chochitika pakampani, anapezeka kuti ali ndi nsalu zambiri zoti apinde.

"Mukawapatse moni mayi a m'chipindamo, asisi. Muwauze kuti ife timamva."

Kuchokera pa mabokosi a magetsi kukafika kuchipinda cha kumbuyo, munthu ankadutsa holo yonse yochapira, pakati pa makina olira ndi mangolo, pansi ponyowa ndi thovu. ASimbi anadutsa osayang'ana munthu. Anakankha chitseko n'kulowa, ndipo chitsekocho chinadzitseka chokha kumbuyo kwawo, monga chinkachitira nthawi zonse. Phokoso lonse la makina ndi wailesi linatsala kunja, ngati alowa m'madzi.

Anayatsa tochi ya pafoni. M'zaka zonse zimene anagwira pakampanipo, anali asanapitirirepo pakhomo limeneli. Munkanunkha nsalu yopserera. Fumbi la thonje linali paliponse, pamapaipi, pakhoma, likulendewera kudenga ngati ndevu, ndipo ankati akasuntha, nalonso linkasuntha. Chowumitsira chinali chachikulu ngati thanki ya galimoto yamafuta, chitseko chake chozungulira chili pululu, m'kati mwakuda.

"Achimwene?"

Mawu awo anatuluka aang'ono, fumbi lija n'kuwameza.

Analoza tochi pansi. Pafumbipo panali mapazi a majombo, olowera kuseri kwa makina. Anafunafuna obwerera, sanawaone.

Anatsatira mapaziwo. Kuseriko kunali kampata kopapatiza pakati pa makina ndi khoma, koti munthu wonenepa sangadutse. Pakamwa pa kampatako panali makwerero atagwa chammbali. Pafupi nawo panali chidebe chovundikira, ndipo tochi itadutsapo, pamwamba pa chidebecho panang'anima. Panali ponyowa. M'chipinda chouma kuposa zonse pakampani, chimene makina ake sanayende kuyambira Loweruka, pachidebe panali ponyowa, ngati pamene pachoka munthu amene anakhalapo ndi zovala zonyowa. ASimbi anamva tsitsi likuyenda pansi pa duku.

Kenako china chinapuma.

Analoza tochi m'kampata muja. Poyamba anangoona mulu wa fumbi. Muluwo unatsegula maso.

AFyuzi anali atapanikizika pakati pa makina ndi khoma, chokhala osati chokhala, mwendo umodzi utapindikira kumene mwendo supindikira. Fumbi linali litawakuta kumutu ndi m'mapewa moti ankaoneka ngati nkhalamba. Milomo inali itang'ambika. Anayang'ana kuwalako nthawi yaitali osaphethira.

"Ndiwe uti?" Mawuwo anali mpweya chabe.

"Ndine, achimwene."

"Walitsa kumapazi ndione."

ASimbi anatsitsa tochi, osadziwa chifukwa chake.

"Wavala jombo," anatero aFyuzi, n'kutseka maso. "Chabwino. Winayo savala."

"Wina uti?"

"Amangokhala apo. Salankhula. Ndikayamba kusinza amaimirira." Anameza movutikira. "Ndinaitana mpaka mawu kutha, chemwali. Makwerero anaterereka. Unali kuti?"

ASimbi sanayang'anenso kuchidebe kuja. Anagwada pakamwa pa kampatako, ndipo bondo lawo linagunda chitsulo. Inali sipanala ya achimwene awo, itakutidwa ndi fumbi, kutali ndi pamene dzanja la mwini wake likanafika. Anafuna kufunsa kuti nanga mapaipi ankagogoda ndi chiyani.

M'pamene anamva kaphokoso kena. Kankachokera m'paipi yopyapyala ya mawaya imene inkayenda pakhoma, pamwamba pa mutu wa achimwene awo. Kwee, kwee, kwee. Kochepa kwambiri, ngati khoswe akukukuta mkati mwa khoma.

AFyuzi anatsegula maso.

"Chimenecho n'chiyani?"

ASimbi anakweza maso n'kuyang'ana paipiyo.

"Iwe, ndikufunsa."

"Akudula loko."

"Loko wanga?" Anayesa kuseka, koma panangotuluka chifuwa. "Sangadule. Kiyi ali ndi ine. Ali m'thumbamu."

"Akudula, achimwene."

AFyuzi anatembenuza mutu pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa chinthu chogona kumbuyo kwawo. ASimbi anakweza tochi ndipo anaona. Bokosi la mawaya a makinawo linali lotsegula, chivundikiro chake chili pansi pamodzi ndi tizitsulo tomangira. Msana wa achimwene awo, malaya atanyowa ndi thukuta, unali utatsamira pa zitsulo zamkuwa zopanda chokutira.

Anaponya foni pansi n'kugwira dzanja lawo kuti akoke. AFyuzi anabuula, thupi osasuntha ngakhale pang'ono.

"Ndisiye. Ukandigwira tipita awiri. Anawo atsala ndi ndani?"

"Anati adikira. Anati sayatsa mpaka nditabwera."

"Akapitawo? Foni ikalira amaiwala ndi dzina lawo lomwe." Anawakankha ndi zala zopanda mphamvu. "Pita."

Kwee, kwee. Kwee.

Kenako zii.

ASimbi sakumbukira mmene anapezera chitseko mumdimamo. Amakumbukira phokoso la holo likuwamenya kumaso, wailesi ikuimba nyimbo ya chikondi. Anakuwa, koma pakati pa makina ochapa kukuwa kumangooneka, sikumveka. Mayi wina anawabayibitsa. Anathamanga pathovu, anagunda ngolo ya matawulo, jombo imodzi inavuka n'kutsala. Anagwa ndi bondo, anadzuka. Holoyo, imene ankaidutsa tsiku lililonse osaiganizira, inali itatalika ngati msewu.

Atakhota kulowa m'kakhonde anaona loko wofiira ali pansi, sowo pambali pake. Akapitawo anali atapana foni pakati pa khutu ndi phewa, atawafulatira.

"Inde bwana. Pompano bwana. Ndayatsa kale, ndikuyatsa."

Dzanja lawo linali pachogwirira.

ASimbi analibe mpweya woti atchule ngakhale liwu limodzi. Anadziponya pabokosipo n'kulowetsa chala chawo cholozera pamene panali loko, pabowo la chogwirira ndi pabowo la chitsulo cha m'mbali. Akapitawo anali atayamba kale kukankhira m'mwamba. Chogwirira chinasuntha pang'ono, n'kuima. Panamveka kaphokoso ngati munthu wathyola kamtengo kouma.

Akapitawo anasiya. Foni inagwa, eni kampani akulankhulabe pansipo.

"Mayi, mwapenga?"

"Alimo," anatero aSimbi. Anali atatsamira khoma, nkhope ili mbuu. "Achimwene alimo. Atsamira mawaya."

Akapitawo anayang'ana dzanja lawo lomwe, n'kulibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Anthu anathamangira kuchipinda cha kumbuyo, ndipo tsiku limenelo palibe amene anaima pakhomo. Koma aSimbi anakana kuchotsa chala. Anawanyengerera, anawalonjeza, akapitawo mpaka analumbira pa ana awo. Iwo anangopukusa mutu. Anachotsa pokhapokha mayi wachikulire uja atabwera ndi loko wake wa pakabati woti akoleke pabowopo, n'kuwaonetsa kiyi, n'kuwaikira m'thumba la diresi. Chalacho chinatuluka chitaloza kumbali.

Kuwatulutsa aFyuzi inali ntchito. Anachita kumasula chitsulo cha m'mbali mwa makina, amuna akutukwanizana, aMtolankhani akuwalitsa tochi kwinaku akusunga zonse m'mutu. Anawanyamulira pansalu ya pabedi ya kuhotela, yoyera, yonyowa. Galimoto imene inabwerera matawulo ndi imene inawatengera kuchipatala, ndipo dalaivala uja sanadandaule.

Kumbuyo kwa galimotoyo anakhala awiri, aFyuzi chogona, aSimbi atakhala pambali, dzanja atalikulunga m'tawulo. Anawamwetsa madzi pang'onopang'ono ndi dzanja linalo. Anadutsa msika, anadutsa sukulu, ana ali pabwalo. Pa bampu iliyonse onse awiri ankaluma mano.

Mawu atabwerera pang'ono, aFyuzi anayang'ana kudenga la galimoto.

"Akapitawo sakanadula okha. Ndi amantha. Alipo anawauza."

ASimbi akanatha kunena kuti ndi eni kampani, ndipo likanakhala bodza laling'ono. Koma ankadziwa kuti aMtolankhani adzafika kuchipatala tsiku lomwelo, ndi nthochi m'jumbo ndi nkhani yonse pakamwa.

"Ndine," anatero. "Ndinati muli kumowa."

AFyuzi, munthu amene ankapsa mtima supuni ikagwa, sanapse. Anangotembenuzira nkhope kukhoma la galimoto. Anakhala choncho mpaka pageti la chipatala. Anamwino akuwatsitsa, anagwira mkono wa mmodzi wa iwo.

"Yambani mwaona mlongo wangayu," anatero. "Chala."

Sanawayang'ane aSimbi ponena zimenezo, ndipo panapita miyezi asanawayang'ane bwinobwino. Mwendo unapola, koma amatsimphina. Kukampani sanabwererenso, anakana okha, ati magetsi alibe nawo mlandu koma chipinda chija ayi. Amakonza mawailesi ndi mafani pakhonde la nyumba yawo, ndipo kumowa amapitabe, tisanamizane. Chala cha aSimbi chinapola chokhota, moti simbi saigwiranso mwamphamvu. Anawasamutsira kopinda nsalu, tebulo limodzi ndi aMtolankhani, chimene ena amati ndicho chilango chenicheni.

Loweruka lina posachedwapa aSimbi anapita kwa achimwene awo ndi ketulo yakufa. AFyuzi anaitsegula, anaiyang'ana, anati waya wapsa, abwere mawa. Mlongo wawo atadzuka kuti azipita, iwo anasuntha pabenchi n'kusiya malo.

"Khala kaye, iwe. Alamu ako akuwiritsa tiyi."